Mfumu Yakufa Ikabweranso: Jet Li ndi Mphondoro za ku Feira

Mufilimu ya 2008, The Mummy: Tomb of the Dragon Emperor, Jet Li ndi mfumu yotembereredwa ya ku China imene ikudzuka patapita zaka pafupifupi 2,000, pamodzi ndi asilikali ake adothi, kudzalanda dziko. Ndimaikonda filimuyi, koma zimandipweteka kuti ana athu amaidziwa kuposa nkhani ya kwathu.

Kuno ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, mfumu yakufa si chilombo chofunika kuphedwanso. Achikunda amakhulupirira kuti mzimu wake umalowa mumkango n'kukhala mphondoro. Imalankhula kudzera mwa munthu amene yamugwira, ndipo kukagwa chilala anthu amakaipempha mvula. Ngakhale Kanyemba, amene ankagulitsa akapolo kutsidya la Zambezi m'zaka za m'ma 1800, mbumba yake imamutchula mphondoro.