Kodi msewu wa pa Chinakanaka ndi wa yani?

Masiku ano kuli anthu amene amasonkhana kagulu n'kumayenda mtunda wautali panjinga zakapalasa. Sikuti amasowa ya minibasi ayi, amangofuna kuona dziko. Ulendo wotchuka mwa maulendo otere ndi Tour d'Afrique umene unayamba mu 2003, pamene anthu anapalasa kuchokera ku Cairo mpaka ku Cape Town m'miyezi inayi. M'dziko muno apaulendowa akhala akulowera pa Songwe, kudutsa ku Karonga ndi ku Lilongwe, n'kukatulukira ku Mchinji.

Kuno kummwera kumafika timagulu tating'onoting'ono, ndipo chimene chimatikoka ndi phiri la Mulanje. Ine ndinapalasa nawo tsiku limodzi m'kagulu kotere, ka alendo akunja osakanikirana ndi a Malawi anzathu a m'tauni, kuchoka ku Limbe kulowera ku Mulanje, mtunda wopitirira makilomita 60.

Tsiku la anthuwa limayamba kusanache. Kumwa tiyi, kupopa matayala, kuthira mafuta tcheni, kenaka mtsogoleri amapereka malamulo. Tiziyenda mondondozana kumanzere. Wakutsogolo akaona dzenje aloze ndi dzanja kuti wam'mbuyo alizembe. Aliyense avale chipewa choteteza mutu. Ndiye pambuyo pathu pamabwera galimoto ya gululo, ikuyenda pang'onopang'ono, maindiketa onse akuphethira. M'menemo muli madzi, nthochi, machubu ndi mankhwala. Wotopa amangokwezamo njinga, iye n'kukhala pampando.

Kuchoka ku Limbe msewu umatsetsereka kwambiri, choncho za thukuta sindinena zambiri. Chimene chinandidabwitsa ine ndi ulemu wa madalaivala. Inu! Aminibasi omwe aja timawadziwa ndi liwiro la mtima bii ankati akationa amachepetsa moto, kudikira kuti kutsogolo kuyere, n'kutilambalala patali. Ena mpaka kutibayibitsa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a Malawi tasinthadi.

Maganizo amenewa anathera pa Chinakanaka, pamene tinaima kuti tipume. Njinga ya mlendo wina inali itathyoka sipoko, ndiye tinaipereka kwa bambo wina wokonza njinga pamthunzi m'mbali mwa msika. Podikira ndinakhala pansi kuyang'ana msewu.

Amene sanafikeko ku Mulanje sangamvetse kuchuluka kwa njinga kumeneku. Njinga ndiyo lole, ndiyo basi, ndiyonso ambulansi. Panadutsa bambo atasanja matumba atatu a chimanga, limodzi pakaliyala, ena pamwamba pake. Panadutsa mayi, mwana kumsana, dengu la chinanazi kumbuyo. Panadutsa akabaza osawerengeka, wina atanyamula gogo wodwala atafunda chitenje. Ukapitirira mpaka pa Muloza ukapeza njinga zina zikuolotsa chimanga kuchokera ku Milange, ku Mozambique. Anthu amenewa mtunda umene ife tinali kuujambula zithunzi amaupalasa mlungu ndi mlungu, katundu ali pambuyo, mwina m'mimba muli mbatata ya dzulo.

Tsono muone zimene zimachitika galimoto ikatulukira. Hutala kulira patali, osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono. Tanthauzo lake aliyense amalidziwa: choka! Wapanjinga amathawira kudothi. Koma m'mphepete mwa phula m'malo ambiri munakumbika, mwakuti potsika pamakhala ngati sitepe. Munthu wopanda katundu atha kudumphapo. Nanga wa matumba atatu? Ndinaona ndi maso angawa bambo wachimanga uja akudzandira, mpaka anagwa chammbali, thumba limodzi n'kuphulika. Kondakitala anangotulutsa mutu pawindo n'kutukwana.

Mmisiri uja sanadzutse n'komwe mutu. Nditamufunsa, anandiuza kuti ntchito yake yambiri ndi yowongola malimu a njinga zogwera kumbali choncho, ndipo eni ake amathokoza Mulungu kuti chopindika ndi limu, osati mwendo. Sipoko ya mlendo anaibweza msangamsanga, ngakhale njinga yamtundu umenewo anati sanaigwirepo.

Ndiye funso langa ndi ili, abale anga: dalaivala amene anadikira moleza mtima kumbuyo kwa ife ovala zonyezimira, akulepheranji kudikira kumbuyo kwa wachimanga? Buleki ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti akagunda mlendo akudziwa kuti nkhani ifika patali, pamene akagunda wakabaza amati tikambirana.

Pajatu apanjinga nawonso ali ndi zawo. Ena alibe mabuleki, amaimitsa ndi chidendene. Ena amayenda usiku opanda nyali kapena kanthu konyezimira, ena kumanja moyang'anizana ndi galimoto. Zimenezi apolisi azikonze. Koma ngakhale onse atagula nyali mawa, msewu ukhalabe wopapatiza, wopanda malo a njinga, m'boma limene oyenda panjinga ndi ochuluka kuposa oyenda pagalimoto.

Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho ya ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, nkhani inali yomanganso. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo akuluakulu akuyembekeza alendo ambiri. Chabwino. Koma inu oona za misewu, pamene mukulemba mapulani, onjezani phula kumbali zonse ziwiri, lokwanira njinga yonyamula matumba, makamaka podutsa m'misika ngati Chinakanaka. Mlendo ali kale ndi galimoto yomutchinjiriza kumbuyo.

Tinanyamukanso dzuwa litapendeka, phiri lili patsogolo pathu, nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, itabisala m'mitambo. Pamene tinkachoka n'kuti bambo uja akuwola chimanga chake m'dothi, ana awiri akumuthandiza, magalimoto akudutsa.