Kuitana Maina a Asilikali a M'bongo

Dzinja likafika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, udzudzu umaswana m'zithaphwi, ndipo mphunzitsi wa kwa Msakambewa amaona mipata pa mabenchi chifukwa cha malungo. Oopsa koposa ndiwo malungo a m'bongo, amene amakomola mwana. Kodi m'mutu mwa mwana wotere mumachitika zotani?

Funso limeneli analilondola madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux. Kuyambira mu 1996, makolo akalola, iwo ankapima ubongo wa ana omwalira ndi nthendayi. Anapeza timitsempha todzala ndi maselo ofiira a magazi okhala ndi tizilombo ta malungo. Koma munalinso maselo oyera, ndiwo asilikali a m'thupi. Ndipo ena mwa awa ngofanana maonekedwe, kotero kuti diso, ngakhale pa maikulosikopu, silikhoza kuwasiyanitsa bwino.

Apa mpamene pafunikira maantibodi. Antibodi ndi kanthu kamene thupi limapanga kuti kagwire chinthu chimodzi chokha, nkusiya zina zonse. Mtundu uliwonse wa asilikali uli ndi chizindikiro chakechake pakhungu pake. Tsono akatswiri amatenga antibodi wodziwa chizindikiro chimodzi, namumangirira utoto, njira imene anaiyamba Albert Coons mu 1941. Amacheka kachidutswa ka ubongo kopyapyala kuposa khoko la anyezi, nathirapo antibodi uja, natsuka. Utoto umatsalira pa selo lokhalo limene antibodi wagwira. Nchimodzimodzi mphunzitsi poitana maina m'kalasi: ana ngambiri, koma wovomera ndiye mwini dzina yekha.

Mu 2020, kuitana kotereku kunaonetsa asilikali otchedwa CD8 T ataunjikana m'mitsempha ya ubongo wa ana a ku Malawi, makamaka mwa amene analinso ndi HIV. Kale zimenezi zinkaoneka mwa mbewa za akatswiri, ndipo ambiri ankakayika ngati zimachitikanso mwa anthu. Ganizo tsopano nlakuti asilikaliwa, polimbana ndi tizilombo, amavulazanso makoma a mitsempha, ubongo nutupa. Kutupako ndiko kumatsiriza ana ambiri, monga anaonetsera madokotala a ku Blantyre mu 2015.

Chifukwa chake mwana wotentha thupi akayamba linjirinjiri, kapena akaleka kuyankha poitanidwa, mphunzitsi asayembekeze kuti kuche. Mwina nkhondo yafika kale m'bongo. Mwanayo afike kuchipatala tsiku lomwelo.