Kompyuta ya mapulosesa awiri: yang'anani bodi musanatulutse ndalama

Msuweni wanga wa ku Matero amajambula mavidiyo a maukwati ndi makicheni pati. Kujambula sikumuvuta. Cimene cimamumana tulo ni laputopu yake, imene imagwira usiku wonse kuti itulutse vidiyo imodzi, pamene eni ukwati ayamba kale kuliza foni pa Mande m'mawa. Mwezi watha inafika nthawi yake yodya cilimba, ndipo ananiitana: "Ba sisi, niperekezeniko mu tauni. Nifuna ija ya mapulosesa yabili."

Tinatsika pa Kulima Tower n'kuyamba kulowa m'mashopu a pakati pa Cairo Road ndi Cha Cha Cha. Makina amene iye anali kufuna ni salaula ya m'maofesi a kunja: HP Z620, Z840, Dell Precision T7810. Ni makina olimba, koma pali misampha.

Pa shopu yoyamba, mnyamata wogulitsa analumbira kuti Z620 yake ni ya awiri. N'namupempha atsegule. Mkati munali pulosesa imodzi cabe. Pa Z620 ndi Z640, yaciwiri imakhala pa kabodi kake kapadera kamene amacita kulumikiza, ndipo kabodi ako kanalibemo. Popanda iko, olo mugule pulosesa ina, mulibe poiika. Z840 ndiye ili ndi malo onse awiri pa motherboard penipeni.

Manje mverani za manambala, cifukwa ndalama zambiri zimathera apa. Ma Core i7 awiri sagwira nchito pa bodi imodzi, pafunika Xeon. Ndipo si Xeon iliyonse. Yang'anani nambala yoyamba pambuyo pa E5. E5-1650 imayamba ndi 1, ndiye kuti imayenda yokha. E5-2680 imayamba ndi 2, imalola mnzake. Awiriwo akhale a mtundu umodzi ndendende.

Kenako pali kacilembo ka v kumapeto. Zoyamba za mu 2012 ndi v2 ya mu 2013 zimalowa pa soketi yochedwa LGA 2011 ndipo zimafuna memori ya DDR3. V3 ya mu 2014 ndi v4 ya mu 2016 zimalowa pa LGA 2011-3 ndi DDR4. Maina afanana ngati Chawama ndi Chaisa, koma mukakwera yolakwika simufika. Ndiye yambani ndi bodi, mufunse kuti imalandira ziti, pulosesa ibwere pambuyo. Memori nayo muigawe mbali zonse ziwiri, popeza pulosesa iliyonse ili ndi mipata yakeyake. Wina akakuikirani Windows Home, dziwani kuti idzaona pulosesa imodzi cabe, pafunika Pro. Komanso ma Xeon awa sali pa mndandanda wa Windows 11, pamene Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025.

Pa shopu yacitatu tinapeza mdala wokonza makompyuta, ndipo iye sanayambe ndi mtengo. Anafunsa msuweni wanga kuti malaiti akapita amasewenzesa ciani. Kainiveta kang'ono ndi batire imodzi, zimene anagula mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba. Mdala anangopukusa mutu. E5-2680 v4 imodzi inalembedwa mawati 120, ziwiri ni 240, musanawerenge khadi ya zithunzi, mafani ndi sikirini. Caja ya laputopu yake ni ya mawati 65. Mayuniti nawo saseka.

Apa ine n'naona kuti msuweni wanga anali kugula dzina. Mapulosesa awiri sapangitsa kuti zonse zithamange kawiri. Amathandiza ngati pulogilamu imadziwa kugawa nchito, monga kupanga zithunzi za 3D za manyumba kapena kuyendetsa makompyuta ambiri mkati mwa imodzi. Mapulogilamu ambiri okonzera mavidiyo masiku ano amatsamira maningi pa khadi ya zithunzi ndi pa SSD. Ikani makondakitala awiri m'basi imodzi: idzadzala msanga pa siteshoni, koma jamu ya pa Lumumba siidzasuntha cifukwa ca iwo.

Anakwiya pang'ono, cifukwa anali atauza kale anzake a ku komboni kuti abwera ndi ya awiri. Tinakangana panja pa shopu mpaka dzuwa linapendeka. Pothera pake anatenga Z840 ya pulosesa imodzi, E5-2680 v4 ya makoo 14, soketi yaciwiri n'kuisiya yopanda kanthu. Ndalama yotsala inapita ku khadi ya zithunzi ndi SSD. Mdala anamulembera nambala ya pulosesa pa lisiti, kuti tsiku lina akadzafuna mnzake asadzagule yosiyana, ndi kumukumbutsa kuti idzafunanso cozizilitsira cake.

Tisanalipire tinaiyatsa pamaso pathu, tinaona dzina la pulosesa ndi memori yonse pa sikirini. Cimakina ico cimalemera kupitirira makilo 20. Pa basi ya ku Matero kondakitala anaciyang'ana kamodzi, n'kunena kuti naco cilipire mpando.