Nthabwala pa Maliro a Mwana

Anthu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi sazizwa pakumva kuseka pa maliro. Adzukulu, ndiwo okumba manda ndi kunyamula mtembo, amatonzana ndi kuseka, ndipo palibe wowadzudzula. M'matauni Mbemba amathira ufa pamutu pa wofedwa wa kum'mawa, pakuti ndiwo mwambo wa cimbuya. Nayenso Gule Wamkulu, amene UNESCO inamlemekeza mu 2005, ali nazo zinyau zoseketsa zimene zibvina pa maliro a mafumu ndi akulu.

Poona izi, olemba ena ayesa kuti nawonso angathe kulemba za kholo lotaya mwana ndi kuthiramo nthabwala. Iwo ati makolo akale sanaope kuseka imfa. Nzoona kuti Cinyanja cidziwa kuseka. Amene anamva nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia sangakane. Koma olemba awa atenga kuseka nasiya malamulo ace.

Pa maliro saseka munthu aliyense. Mdzukulu sali mwini maliro, ndipo ufulu wace wakuseka augula ndi khasu: wakumba, watuluka thukuta, walowa m'dzenje m'mene abale sangalowemo. Aseka anzace, aseka amalume ocedwa kufika, nthawi zina aseka ndi wakufa yemwe ngati anali nkhalamba yodya zace. Mai wa mwana samkhudza konse. Iye ali m'nyumba pakati pa akazi anzace, ndipo nthabwala zitsala pabwalo. Tsono khanda lakufa lisanatuluke m'cikuta aliika akazi okha, mwakacetecete, popanda ng'oma.

Pepala liribe bwalo, liribenso m'nyumba. Mau amene wolemba awalemba kuti akondweretse anthu ambiri adzafika kwa mai uja ali yekha, kapena patapita miyezi itatu, anthu onse atabalalika ndipo tsitsi limene anameta litayamba kumera. Pamenepo palibe nkhope ya mdzukulu yoti imuuze kuti kusekaku nkwa cifundo. Wailesi iposa apo, pakuti ilowa m'nyumba yosaodira.

Kholo lokha likalemba za mwana wace, nkukumbuka m'mene anali kubera nsinjiro kapena kuthamangitsa nkhuku, owerenga angaseke nalo pamodzi, cifukwa mwini wace ndiye watsegula citseko. Wolemba wacilendo, amene sanagwire khasu pa manda amenewo, alibe wina womtsegulira.