Kodi amayi a ku Korea amapumako liti?

Ana inu, dziko la South Korea lili ku Asia, ndipo likulu lake ndi Seoul. Kumeneko amayi ena amalawirira ku ntchito, ena amakhala pakhomo n'kumalera ana. Ndani mwa iwo amene mtima wake uli m'malo?

Tiyambe ndi mayi wapantchito. Amalandira malipiro ndiponso amacheza ndi anzake. Koma ku Korea anthu amaweruka mochedwa, moti mu 2018 boma linakhazikitsa lamulo loti munthu asamapitirire maola 52 pa sabata. Mayiyu akafika kunyumba ali wefuwefu, nthawi zambiri amapeza mbale ndi zovala zikumudikira.

Nanga wapakhomo ndiye ali pabwino? Osati kwenikweni. Ana ambiri akaweruka ku sukulu amapitanso ku sukulu zolipira zotchedwa hagwon, zimene ku Seoul zimaloledwa kuphunzitsa mpaka 10 koloko usiku. Kusankha sukuluzi, kuperekeza ana ndi kudera nkhawa mayeso aakulu a Suneung, olembedwa mu Novembala, kawirikawiri zimagwera mayi. Masana amatha kusungulumwa m'nyumba zosanja, ndipo ngati anasiya ntchito chifukwa cha mwana, kuipezanso n'kovuta.

Choncho onse awiri amatopa, ngakhale katopedwe kake n'kosiyana. Chimene chimawapepuza mtima n'chimodzi: kukhala ndi wowathandiza. Mutu umodzi susenza denga.

Poona chintchito chotere, komanso kudula kwa nyumba ndi maphunziro, achinyamata ambiri akuzengereza kukhala ndi ana. Chiwerengero cha mu 2023 chinasonyeza kuti akazi 100 aliwonse angabereke ana 72 okha pa moyo wawo wonse. N'chifukwa chake boma likulimbikitsa abambo kuti nawonso azitenga tchuthi cholerera khanda.

Komabe, anthu a ku Korea ali ndi mwambo wokoma wolemekeza amayi. Mayi akangobereka amamwetsedwa msuzi wa ndere za m'nyanja wotchedwa miyeokguk kuti apezenso mphamvu. Mwana akakula, amamwa msuzi womwewo pa tsiku lake lobadwa pokumbukira mavuto amene amayi ake anawaona. Pa 8 Meyi, ana amapatsanso makolo awo maluwa ofiira.

Inu musachite kudikira tsiku lapadera. Lero lomwe, tsukani mbale musanatumidwe, kenako mukawafunse amayi anu kuti aswera bwanji, ndipo mumvetsere yankho lawo mpaka amalize.