Mibulu ya Ziwengo Yosiyana Maonekedwe: Kodi Mphamvu Yace Ndi Imodzi?

Nyengo ya fumbi ndi yosankha fodya ikafika, ambiri a inu mumabvutika ndi kuyetsemula, maso oyabwa ndi ziwengo. Mukapita ku cipatala mumalandira timibulu timene mumaticha Piriton. Tsono mwezi wina mupatsidwa tacikasu, mwezi wina toyera, ndipo ena amanyoza toyerato nati, "Atipatsa ufa wacabe." Tiyeni tione ngati kunena kumeneku kuli koona.

Piriton ndi dzina la malonda cabe. Mankhwala eni-eni a m'katimo dzina lao ndi chlorpheniramine, ndipo m'bulu uli wonse mumakhala mamiligalamu 4. Makampani ambiri amawapanga, makamaka ku India, yense ndi utoto wace ndi zoumbira zace. Koma kulingana kwa muyeso sikukwanira ai. M'bulu woumbidwa molimba kwambiri ukhoza kucedwa kusungunuka m'mimba, monga umacitira mcere wamiyala m'ndiwo, ndipo mankhwala olowa m'magazi acepa.

Cifukwa cace akatswiri amayesa motere. Amaitana anthu abwino-bwino obvomera okha, osacepera 12, kawiri-kawiri 24 kapena kuposa. Awagawa pawiri: ena ameza m'bulu wakale wodziwika, ena watsopano. Kenaka awatenga magazi pang'ono-pang'ono pa maora oikika. Apumula sabata kapena kuposerapo kuti mankhwala athe m'thupi, ndipo asinthana, kotero kuti munthu yense walawa mibulu yonse iwiri. Apa ndipo pali nzeru, pakuti matupi amasiyana, ndipo munthu ayerekezedwa ndi iye mwini.

M'magazimo ayang'ana zinthu ziwiri: pamene mankhwala anafika pocuruka kweni-kweni, ndi kucuruka kwa onse amene analowa. Tikati m'bulu wakale uli pa 100, watsopano usatsike pansi pa 80, usapitirirenso 125. Ukakhoza pamenepo, mibulu iwiriyo iwerengedwa yofanana, ngakhale utoto usiyane. Mankhwala ena osungunuka msanga amangowayesa m'mabotolo, osatenga magazi a munthu.

M'dziko muno oyang'anira zimenezi ndi a bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bungwe lakale la 1988. Mankhwala ayenera kulembedwa m'kaundula wao asanagulitsidwe. Koma mibulu yoyalidwa pa saka tsiku la msika, yopanda cikuto, yoocedwa ndi dzuwa, palibe angainenere umboni.

Popeza woyera ndi wacikasu ali amodzi, musameze yonse iwiri poyesa kuti ndi mankhwala awiri. Mwatero mwamwa kawiri. Onse amagonetsa tulo, tsono inu a kabaza ndi oyendetsa magalimoto cenjerani, ndipo musaonjezepo mowa. Mwana wamng'ono musamgamulire m'bulu wanu. Pali amadzi-madzi, mamiligalamu 2 pa supuni ya mamililita 5, ndipo muyeso wace anene ndi a cipatala. Munthu akatupa milomo kapena kubanika atalumidwa ndi njuci, musadikire m'bulu uli wonse: thamangani naye ku cipatala, pakuti pamenepo pafunika jekeseni.