Chibakera Chimene Chidatsogola Nkhondo (Gawo Lachitatu)

Mu Disembala 1940, mu mzinda wa New York mudatuluka kabuku ka nthano za zithunzi. Pachikuto pake padali mwamuna wovala zovala za mbendera ya America, alikusasantha Adolf Hitler chibakera cha pachibwano. Dzina lake Captain America. Oŵerenga azindikire kuti panthawiyo America adali asadaloŵe nkhondo. Adaloŵa patapita chaka chathunthu, ndege za Japan zitaphulitsa Pearl Harbor.

Amene adapeka ngwaziyi, Joe Simon ndi Jack Kirby, adali ana a m'mabanja a Ayuda ochokera ku Ulaya. Kwa iwo, nkhanza zimene Ayuda anzawo ankaona kutsidya kwa nyanja sizidali nkhambakamwa ayi. Pamene andale adali chikanganirane ngati nkhondoyo idali kuŵakhudza, anyamata aŵiriŵa adali atayankha kale ndi pensulo, ndipo kudali kulimba mtima ndithu. Kabukuko kadagulidwa makope pafupifupi miliyoni imodzi, koma otsatira chipani cha Nazi adaopseza ojambulawo mpaka apolisi adachita kulondera ofesi yawo. Kirby mwini wakeyo adakamenya nkhondoyo ku France mu 1944.

Chodabwitsa nchakuti ngwazi yomweyo idadzakhumudwa ndi boma lake. Mu 1974, chaka chimene Richard Nixon adatula pansi upulezidenti chifukwa cha mlandu wa Watergate, mlembi Steve Englehart adalemba kuti Captain America, polondola mtsogoleri wa gulu lina lachiwembu, adakampeza mu White House mwenimwenimo, ali mkulu wa boma. Mtima utasweka, adavula zovala za mbendera zija nadzitcha Nomad, ndiko kuti woyendayenda wopanda kwawo.